Utsi wa Mbewu

A Jacinto akamanga nyumba ankachita ngati akuumba mtsuko. Kuno ku Angónia kuzizira kwa mwezi wa Juni sikuseka ndi munthu, choncho kanyumba kophikira kamene anamangira mkazi wawo, Bernadete, kanalibe ngakhale mng'alu woti nyerere n'kudutsa. Bernadete ankakakonda kanyumbako. M'mawa nkhungu ikakuta madimba a mbatatesi, iye ankakhala m'kati mofunda bwino, mwana wake Sesilia ali kumsana. Pamwamba pa moto ankapachikapo chimanga cha mbewu kuti utsi uzipirikitsa anankafumbwe, monga ankachitira makolo.

Vuto linali limodzi: Sesilia ankatsokomola. Chifuwa chake chitayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, Bernadete anachita mantha, nakwera shapa, kaminibasi kakuno, kupita naye kuchipatala ku Ulongwe. Unali ulendo wachitatu chaka chomwecho.

Namwino ananunkhiza nsalu yoberekera mwanayo, napukusa mutu.

"Amayi, kodi mwanayu mumamuwamba ngati nyama? Ana a kumapiri kuno onse akubwera ndi chifuwa chomwechi. Mankhwala ndikupatsani, koma utsiwo mukaupatse njira."

A Jacinto atamva uthengawo anakana kwamtuwagalu.

"Ndiboole khoma langa ine? Utsi ukathawa, anankafumbwe atimalizira mbewu. Tidzadzala chiyani, amake Sesilia, miyala?"

Bernadete ankawadziwa amuna ake: ukalimbana nawo pakamwa, mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake anatsitsa chimanga chimodzi pamoto paja, chakuda bii ndi mwaye, nachiika m'mbale pamodzi ndi china choyera cha m'nkhokwe. Mbaleyo anakaitula pamaso pawo mwaulemu, ngati ndi chakudya.

"Abambo ake Sesilia, chakudachi chakhala m'menemuja miyezi iwiri yokha. Mwana wanu wakhalamo chibadwire."

Bamboyo anakanda chimangacho ndi chikhadabo, nayang'anitsitsa chala chawo. Anayang'ananso mwana. Kenaka ananyamuka nakatenga hamala.

Anagumula njerwa zinayi m'munsi mwa denga, ndipo poti anali munthu wa manja, anasamutsira mbewu ija pakamwa pa bowolo kuti utsi uziipyola potuluka. Anankafumbwe sanapindulepo kanthu. M'kanyumbamo munayamba kulowa kamphepo, zoona, koma Bernadete anangowonjezera nsalu ina paphewa.

Lero kumudzi kwawoko, kufupi ndi Fonte Boa, tinyumba tambiri tophikira tili ndi bowo. Amene amaboola ndi a Jacinto, ndipo amauza aliyense kuti nzeruyo anaibala okha. Bernadete amangoseka, sawatsutsa. Mphoto yake anailandira kale tsiku lina mu Julaye, pamene Sesilia anagwa pakhomo n'kuyamba kulira mokuwa, ndi mpweya wonse, osabanika ngakhale kamodzi. Mayiyo anaima ndi mthiko m'manja, mtima uli mbee, ndipo anamusiya mwanayo alire kaye pang'ono.