Mphika Wopanda Dothi

Anthu a kwa Nthache ndi alimi, ndipo mlimi akaona chomera chili pamiyala mtima umamuwawa ngati waona mwana wogona ndi njala. N'chifukwa chake ankawaseka a Laurentina ndi mphika wawo.

Mphikawo unali wobooka pansi, ndipo unkakhala patsinde pa mtengo wa nachesi kuseri kwa nyumba. M'kati munalibe dothi ngakhale lodzaza chikhadabo. Munali timiyala, zidutswa za makala ndi makungwa ouma. Pamwamba pake panakhala duwa lija limamera m'matanthwe a kumapiri, la masamba okhuthala ndi mizu yoyera yonenepa, yongoyenda pamtunda n'kumakumbatira miyala. M'mawa a Laurentina ankavumata madzi n'kulipopera ndi pakamwa, basi. Mvula ikalimbikira ankalinyamulira pakhonde. Makala akayamba kufumbutuka ankawasintha, akumasula muzu umodziumodzi ndi kamtengo.

Chimene osekawo sankadziwa n'chakuti mphikawo unali manda. Mu 1986 a Laurentina anathawa nkhondo ku Mozambique, mwana wawo Dinis atamugwira padzanja, khanda lawo Ines lili kumbuyo. Ines anafera kumsana, m'mapiri a kuseri kwa Zobue. Khasu panalibe, nthawi yolira panalibenso. Anamugoneka mumng'alu wa thanthwe, n'kutsekapo ndi miyala, n'kuzula duwa limene linamera pamwamba pake. Nkhondo itatha anapitako kawiri kukafuna thanthwelo, koma matanthwe onse anali ofanana. Chinawatsalira ndi duwalo, ndipo za ilo sanauze munthu, ngakhale Dinis.

Dinis atakula anakwatira Deliwe n'kukakhala chikamwini, amake n'kumutsatira poti kwina kolowera kunalibe. Tsono taganizani, mayi wa mkamwini pamudzi wa eni! Munda si wawo, nachesi si wawo, ngakhale pamene ankaika mphikapo panali pobwereka. Deliwe sanali munthu woipa ayi, ndipo chowawa pa nkhaniyi n'chomwecho. Anali ndi chifundo chija chosafunsa, chongofikira kugwira.

Chaka china dzinja lili m'kati, feteleza wa makuponi atangofika kumene, mwendo wa a Laurentina unatupa mpaka anawagoneka m'chipatala ku boma. Asanakwere njinga anaitana mpongozi wawo.

"Amake Melvin, mphika wangawu ndauika pakhonde. Musaukhudze, ukhala wokha."

"Musadandaule amayi, zonse tisamala," anatero Deliwe.

Anasamaladi. Atatuluka m'chipatala patapita masabata atatu, a Laurentina sanalowe n'komwe m'nyumba. Anayang'ana pakhonde, mphika palibe. Anatsimphina mpaka kuseri, n'kuupeza uli pamtetete pomwe madzi a padenga amagwera, utadzaza dothi lakuda mpaka m'milomo. Chibowo cha pansi chinali chitamatidwa bwinobwino. Masamba anali achikasu, atagona.

Deliwe anabwera m'mbuyo mwawo akupukuta manja pachitenje, nkhope ili ngwee, kudikira kuthokozedwa.

"Ndinamva chisoni amayi. Chinthu chamoyo n'kumadya makala? Ndinakatapa dothi kudimba kwa amayi anga, n'kusakaniza ndi manyowa a mbuzi. Ndi feteleza yemwe ndinathirako kachitsekerero kamodzi, wa makuponi uja. Chikasuchi n'kusazolowera chabe, liphukira."

A Laurentina anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kufukula ndi zala. Fungo la zovunda linawayankha asanafike pakati. Mizu ija inali itada, ikungosungunuka m'manja ngati therere. Anapempha beseni la madzi, n'kutsuka chitsa chonse pang'onopang'ono, kufuna muzu umodzi wokha woyera, ngakhale kansonga. Anatsuka kachiwiri. Panalibe.

Ukali unawakwera. Duwa limeneli linapirira fumbi la kumsasa wa othawa nkhondo, linapirira chilala, mbuzi za anthu ndi kuseka kwa mudzi wonse kwa zaka makumi awiri. Lero laphedwa ndi dothi labwino, loperekedwa ndi mtima wonse. Ndipo ungakalipire ndani? Munthu wagawa feteleza wake amene chimanga chikumulira kumunda, pamudzi pake, pansi pa denga lake. Pamafunika kuti uwombe m'manja n'kunena zikomo.

"Iii, mpaka misozi amayi, chifukwa cha duwa?" anatero Deliwe, akugwada pambali pawo. "Abambo ake Melvin akakuzulirani lina kuphiri, alipo ambirimbiri."

A Laurentina anavula mpango wa kumutu, n'kuuyala pamiyendo, n'kukulungamo chitsa chovundacho mosamala mpaka sichinaonekenso.

"Mundibwereke khasu," anatero.

"Khasu la chiyani, ndi mwendowo?"

"Khasu, ndi malo pang'ono. Pokwana khanda basi. Pano ine ndilibe pamene ndingakumbe osapempha."

Deliwe anayang'ana mpangowo, n'kuyang'ana mmene apongozi ake anaufukatira pachifuwa. Kumwetulira kuja kunazima.

"Amayi, mukunena chiyani?"

"Dzina lake anali Ines, mlamu wanu," anatero a Laurentina, osamuyang'ana. "Ine amake ndinalephera kumuthira dothi. Mwamuthira ndinu."