Dzina la Malemu Bambo Ake

Anasimbi anamva za dzina la mdzukulu wawo ali pantchito. Anzawo a pamalo ochapira zovala ndiwo anawatcha Anasimbi, poti iwo ndi simbi sankasiyana kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Tsikulo mwana wawo mmodzi yekhayo, dalaivala wa lole, analowa m'chipinda chositira nkhope ili ngwee, nawauza kuti mkazi wake wachira, mwana ndi wamwamuna.

"Dzina ndasankha kale, Amayi. Akhala Zebediya."

Simbi inakhalitsa pa kolala ya shati ya kasitomala mpaka fungo la kupserera linadzaza chipinda. Zebediya linali dzina la malemu amuna awo.

Kuchipatala anapeza nkhaniyo ili mkamwamkamwa. Azichemwali a mpongozi wawo anazungulira bedi akufa ndi phwete.

"Dzina limenelo mwana amabadwa ali ndi dazi ndi ndodo yomwe," anatero wamkulu.

Namwino amene ankasintha botolo la diripi analowererapo, nati iye analimva komaliza kwa gogo wina wopanda dzino ndi limodzi lomwe. Mlongo wake wa mpongoziyo, makaniko, ndi yekhayo amene analiikira kumbuyo. Anati mayina akale abwereranso, ndipo mwana wa dzina lolemera sasowa pagulu ngati enawa, oti ukaitana mmodzi amatembenuka asanu.

Alendo atatuluka, mpongozi anagwira dzanja la Anasimbi. Anali wofooka, milomo itauma.

"Amayi, ayankhuleni. Ine sakundimva. Anzake adzamuseka kusukulu mwanayu."

Anasimbi anagwedeza mutu. Za kusukulu sizinawadetse nkhawa. Amuna awo aja anali kalipentala wa manja abwino, wodziwika ndi mipando yosagwedera, koma akatseka chitseko cha m'nyumba manja omwewo ankasanduka ena. Khutu lakumanzere la Anasimbi linasiya kumva tsiku limene anachedwa kubwera ndi madzi osamba. Bamboyo anamwalira mwana atangoyamba sukulu, ndipo mayiyo anamulera pomuuza zokoma zokhazokha: bambo ako anali wolimbikira, bambo ako sankamwa. Zonsezo zinali zoona ndithu, kungoti zinali theka.

M'mawa mwake anapita kugalaja kumene malole amagona. Anapeza mwana wawo atagwada pa tayala, akumanga manati, malaya ali girisi yekhayekha. Anaima mbali yoti khutu lakumanja limve bwino.

"Mwanawe, dzina lija lisiye. Bambo ako sanali monga ndinkakuuzira."

Dalaivalayo sanadzutse mutu.

"Ndikudziwa, Amayi."

"Ukudziwa chiyani?"

"Ndinkabisala kunsi kwa tebulo lopalira matabwa. Mumayesa ndinali m'tulo? Tsiku la khutu lanulo ndinalipo. Magazi anadontha pa mafufuzi a matabwa, inu n'kuwasesa."

Anasimbi anatsamira lole. Zaka zonsezi ankayesa kuti akumutchinjiriza, osadziwa kuti onse awiri akusunga chinthu chimodzi, aliyense payekha.

"Nanga ukulifuniranji?"

"Chifukwa ndikalimva mpaka lero ndimachita mantha. Ndikufuna ndizilitchula m'nyumba mwanga, mwini wake n'kumabwera akuthamanga, akuseka. Likhale langa tsopano."

"Nanga mkazi wako? Nanga ine, ndizilitchula bwanji?"

Apo anaimirira, sipanala ili m'manja. Sanakweze mawu. Nsagwada zinangolimba, mtsempha wa pakhosi n'kutukuka, ndipo Anasimbi anapezeka atabwerera m'mbuyo asanaganize n'komwe.

"Mwana ndi wanga. Ndanena, ndanena."

Dzina linalembedwa lomwelo. Azichemwali aja anaseka sabata imodzi, kenako anazolowera, n'kumamuitana khandalo kuti Agogo. Makaniko ankanyadira kuti maganizo ake ndiwo anapambana. Anasimbi okha lilime linkawakanira. Akamunyamula ankangoti "mwanayu", kapena "bambo wamng'ono".

Mwana atayamba kukhala pansi, Anasimbi anapita kukawaona Loweruka lina masana, dalaivala ali paulendo. Banjalo linkachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya matayala: bedi, mbaula, katani yogawa chipinda pakati, matewera atayanikidwa pachingwe. Kunja kunkatentha kwambiri, koma mpongozi anavala juzi ya manja aatali. Potambasula mkono kuti alandire mwana, juziyo inakwera. Pamkono panali zipsera zakuda zinayi zondondozana, china chachisanu kuseri.

Anasimbi anadziwa kuti zimenezo ndi zala. Sanafunse kuti wagwa pati.

"Chinayambitsa n'chiyani?"

Mpongozi anakokera juzi pansi, maso ali pa mwana.

"Ndinali ndi kadzina kanga komuitanira mwanayu tikakhala awiri. Anandimva. Koma anapepesa, Amayi. Analira ngati mwana. Akuti sakudziwa chinawagwira."

"Longedzani. Tiyeni kwanga lero lomwe, asanabwere."

"Kamodzi kokha, Amayi. Anthu adzati chiyani? Banja kutha chifukwa cha dzina?"

Anasimbi anafuna kumuuza kuti dzinalo lilibe mlandu, kuti ngakhale akanamutcha lina dzanja la mwamuna wake likanapeza chifukwa china. Anamuuza m'malo mwake za kalipentala uja, zonse, kuyambira mbama yoyamba, zimene sanauzepo ngakhale mbale wawo. Mpongozi anamvetsera akuyamwitsa, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Anasimbi atatha, mpongozi anapukuta maso, nati ayambe waona kaye.

Mayiwo anamasula kiyi wachiwiri wa nyumba yawo pa kachingwe ka m'khosi, namuika pabedi.

"Sindidzafunsa kanthu. Mudzangotsekula."

Mpongozi anayang'ana kiyiyo nthawi yaitali. Kenako anamutola, namulowetsa m'chitini cha paudala wa mwana, n'kutseka. Anafunsa ngati apongozi ake amwe tiyi, iwo anavomera, ndipo anakhala pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, akukamba za mano a mwana amene anali pafupi kumera.