Kuseri kwa Mpanda wa a Sajeni

Uthenga utafika woti Sajeni Maynard asamutsidwe kuchoka ku Tsangano, mkazi wawo Mirriam anapeza kuti m'nyumba muli zinthu zambiri zosayenera kukwera lole. Munali matiresi ophwa, ndowa zobooka, nsapato zimene ana zinawachepera, mabatire akutha ndi majumbo osawerengeka. Mirriam sanavutike nazo mtima. Anazitola n'kumaziponya kuseri kwa mpanda, monga ankachitira ndi zinyalala zonse chilowereni m'nyumbayo.

Banjali linkakhala nyumba ya lendi pamtunda, chifukwa kukampu ya asilikali olondera malire nyumba zinali zochepa. Ndipo tinene zoona, pakhomo pa a Sajeni pankawala. Bwalo linkasesedwa mpaka kuoneka mizere ya tsache, miyala yopaka laimu itandanda kuchokera pageti mpaka pakhonde ngati nayonso ili pa perete. A Sajeni akaona kachitsotso kamodzi pabwalo, ana ankadziwa kuti lero kulibe mtendere. Ngakhale a Yoramu, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ankabwera ndi amayi a m'mudzi kudzawaonetsa pakhomopo, amvekere: "Ukhondo ndi umenewu, taonerani kwa anzanu." Mirriam akamva zimenezo ankangomwetulira chamumtima. Koma kuseri kwa mpanda wake waudzu uja, iye mwini anali asanapondeko. Kunali chigwembe chotsetsereka, ndipo chilichonse choponyedwa kumeneko chinkasowa m'maso. Kwa Mirriam, chosowa m'maso chinali chitatha.

Masana ena, mvula ya chizimalupsa itagwa dzulo lake, Mirriam anaganiza zokatsanzikana ndi mayi Eliness, amene anthu ankangowatchula kuti aNangozo. Mayiwa anali oyandikana nawo nyumba chakumunsi, ndipo ndi amene anamulandira atangofika, n'kumuphunzitsa kupirira kuzizira kwa kumapiri. Mirriam atadwala pobereka mwana wake wotsiriza, aNangozo ndi amene ankamuphikira phala. Sanawapeze pakhomo. Anthu a pakhomopo anamuuza kuti ali kudimba, choncho anatsika kanjira komwe anali asanadutsepo.

Dimbalo linali kumapeto kwa chigwembe, pafupi ndi chitsime chomwe mabanja a kumunsiko ankatungapo madzi. Mirriam anawapeza aNangozo atawerama pakati pa mizere ya mbatatesi, thumba lili m'manja. Sankapalira ayi. Ankazula majumbo m'matope, n'kumatola matewera otaya a ana, otupa ndi madzi, amene mvula inawamwaza m'dimba lonse. Ena anali atatsamira pamiyala ya pachitsime penipeni. Ntchentche zinali ng'waa.

M'dera lonselo, khomo logula matewera otere linali limodzi lokha, la Mirriam. Mirriam anaonanso ndowa yake yobiriwira yobooka ija itagwera pamzere n'kuthyola mbewu.

"Zikomo, aNangozo," anatero ndi mawu otsika.

Mayiwo anadzidzimuka, n'kuyesa kubisa thumba lija kumbuyo, ngati olakwa ndi iwo. Chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri Mirriam.

"Aa, amake Ida, mwabwera kuno? Pepani mwandipeza ndili mbuu. Tiyeni tikakhale kunyumba."

"Ayi, ndiuzeni kaye. Zimenezi zayamba liti?"

ANangozo anayang'ana pansi. "Kungoti mvula ikagwa. Madzi saiwala khwawa, mayi. Amatsika nazo."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukutola zonyansa za mwana wanga ndi manja anu? Bwanji osandiuza? Si paja timadyera mbale imodzi ife?"

"Kukuuzani ndinkafuna," anayankha aNangozo. "Tsiku lina ndinafika mpaka pageti. Koma nditaona yunifolomu ili pachingwe, miyendo inandibwerera yokha. Anzanga otunga nawo pano anati, 'Zisiyeni, anthu a boma sawayamba. Adzasamuka okha.' Ndiye takhala tikungodikira."

Apa m'pamene Mirriam anamvetsa. Anthu omwe ankamupatsa moni mwaulemu kutchalitchi, omwe ankabwera kudzasirira bwalo lake, anali akuwerengera tsiku loti achoke kuti amwe madzi abwino. Anatukula maso kuyang'ana kumtunda, ndipo kwa nthawi yoyamba anauona mpanda wake kuchokera kuseri. Pansi pake panali phiri la zinyalala za zaka zonse, matiresi aja ali pamwamba. Chizimalupsa chinangokokolola zapamwamba. Mvula yeniyeni inali isanabwere, ndipo ikadzabwera, phiri lonselo likanatsikira m'dimba ndi m'chitsime, eni ake ali kutali. Manyazi anamugwira moti anaiwala kuti anabwerera kudzatsanzika. Anabwerera kunyumba chozolika.

Anawapeza a Sajeni pakhonde akupukuta jombo.

"Bambo a Ida, mudaonako kuseri kwa mpandawu?"

"Kuseri kuli chiyani? Si kutchire?"

"Kuli dimba la aNangozo. Kuli chitsime cha anthu. Zinyalala zathu zonse zikuthera kumeneko."

A Sajeni sanasiye kupukuta. "Mayi, lole ikubwera sabata yamawa. Katundu simunamalize kumanga. Ife mlendo ndi mame, sitichedwa kukamuka. Zakuseri adzaona mwini nyumba."

"Mame amasiya matewera m'munda mwa munthu?" anafunsa Mirriam. "Mukudziwa chifukwa chake sanatiuze? Akuti ankaopa yunifolomu yanu. Mayi amene anandiphikira phala ndikudwala anafika pageti apa, n'kubwerera chifukwa cha malaya anu ali pachingwe."

Burashi inaima. A Sajeni anali munthu wonyadira ntchito yake, ndipo ankakonda kuuza ana kuti msilikali amagona panja kuti anthu wamba agone mwamtendere. Anaika jombo pansi, n'kutuluka pageti. Mirriam anawaona akuzungulira mpanda. Anakhalitsa kumeneko. Pobwera nkhope inali itagwa.

"Ndikazitentha zonse mawa," anatero. "Palafini alipo."

"Ayi, tisawonjezere cholakwa china. Ndikawaitane a Yoramu atiuze chochita."

Ulendo wopita kwa a Yoramu unamulemera Mirriam kuposa mtolo wa nkhuni. Kukauza munthu amene ankamutamanda pagulu kuti bwerani mudzaone uve wanga! Kawiri konse anafuna kubwerera panjira. Koma akakumbukira thumba lija likubisidwa kumbuyo, ankapitirira.

A Yoramu anabwera m'mawa mwake. Ataima pamwamba pa chigwembe anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero pang'onopang'ono, osamaliza mwambiwo. Mirriam anaumaliza yekha mumtima: m'kati muli nyerere. "Koma musadzione ngati muli nokha, mayi. Inenso manyazi andigwira. Ndinkathera pabwalo, osazungulira nyumba. Kuyambira lero ndiziyambira kuseri."

"Ine ndimati ndingoyatsa moto," anatero a Sajeni.

"Musatero, bwana. Utsi wa pulasitiki ndi matiresi ndi woipa pachifuwa, makamaka kwa ana ndi okalamba. Mabatire akapsa amaphulika, ndipo mankhwala ake amalowa m'dothi. Komanso udzu wauma, moto ungakuthaweni n'kukalowa m'minda ya anthu. Ntchito yake ndi kusankhula. Zinyalala sizofanana, ndiye sizipita malo amodzi."

Anawalongosolera bwinobwino. Zowola monga makoko a mbatatesi, masamba ndi phulusa zipite m'dzenje lakelake kuti zisanduke manyowa. Matewera, magalasi osweka ndi majumbo ong'ambika akwiriridwe m'dzenje lakuya, pamalo okwera, kutali ndi chitsime ndiponso kutali ndi njira ya madzi. Mabatire awaike m'chitini chotseka, osawasakaniza ndi zina. Mabotolo abwino atsukidwe agwirenso ntchito. Zitsulo zakutha aziike padera, amagula anthu oyenda ndi njinga aja.

"Ndipo chinthu chimene inu mwatopa nacho, si kuti chatha ntchito," anawonjeza. "Musanataye, funsani ngati pali wochifuna. Za chitsime ndibweretsa mankhwala a kulorini, koma anthu ayambe awiritsa madzi akumwa mpaka tichikape."

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. A Sajeni anavala ovolosi ndi magolovesi, n'kutsikira m'chigwembe ndi fosholo. Mirriam anamanga chitenje m'chiuno n'kutsatira ndi wilibala yobwereka. Chovuta sichinali fungo, ngakhale linali loopsa. Chovuta chinali maso a anthu. Amayi opita kuchitsime ankaima ndi ndowa pamutu, kuona a Sajeni, omwe ana ankawathawa panjira, akufukula matewera a chaka chatha. Palibe anaseka mokweza, koma Mirriam ankamva kunong'onezana kumsana kwake. Chilichonse chimene ankatola chinali chake, ndipo aliyense ankadziwa. Sanadzutse mutu.

ANangozo anafika ndi khasu lawo.

"Chonde, aNangozo, khalani pansi," anatero Mirriam. "Mwatola kokwanira. Zotsalazi ndi zathu."

"Ndingokuonetsani pomwe madzi amadutsa, kuti dzenje musakumbe polakwika."

A Sajeni anaima, n'kuvula magolovesi. "Amayi, talakwa. Ine ndinabwera kuno kudzalondera malire, koma ndalephera kulondera mpanda wanga womwe. Mutikhululukire. Ndipo msilikali wina akadzalowa m'nyumbayi n'kumachita zomwezi, mudzagogode pageti. Yunifolomu siluma."

ANangozo anaseka mogwira pakamwa. "Tamva, bambo. Ifenso tinalakwa kukhala chete."

Ataona zimenezo, amayi ena anatula ndowa zawo n'kuyamba kuthandiza. Pamenepo Mirriam anaona zimene a Yoramu ankatanthauza. Ndowa yobooka ija wina anaipempha kuti adzalemo anyezi. Mabotolo anawatenga mayi wogulitsa thobwa pamsika. Nsapato za ana zimene zinali zisanawonongeke anazitsuka n'kuzipereka kwa mabanja okhala ndi ana aang'ono, ndipo manyazi anamugwiranso poganiza kuti anaziponya kutchire ana ena akuyenda chapansi m'chisanu cha ku Tsangano. Katundu amene anali asanataye m'nyumba sanapitenso kuseri. Anamuyala pabwalo, aliyense n'kusankha chomuthandiza.

Masiku otsatirawo anakumba maenje awiri, anakapa chitsime, ndipo m'mphepete mwa chigwembe anabzalamo udzu wa vetiva kuti uzigwira dothi. Mirriam anasiya kugula matewera otaya, n'kutulutsa ansalu amene anali pansi pa sutikesi. Popita kumsika anayamba kunyamula dengu, ogulitsa akamupatsa jumbo n'kumakana. Katundu anamangidwa mochedwa, mwina mosalongosoka, koma a Sajeni sanadandaule.

Mvula yeniyeni inagwa kutatsala pang'ono kuti lole ibwere. Inali yamkuntho, yosalola munthu kutuluka. Mirriam anakhala pawindo mtima uli m'mwamba. Itangokata, anafunda chitenje n'kuthamangira kumunsi, osasamala matope. Anawapeza aNangozo ataima kale m'mbali mwa dimba. Madzi ankatsika m'chigwembe ali ofiira ndi dothi, koma analibe jumbo ngakhale limodzi. Mizere ya mbatatesi inali chilili, ndipo pachitsime panali poyera.

"Mwaona, amake Ida? Chaka chino ndikumba mbatatesi zokhazokha."

Mirriam anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola.

Tsiku losamuka, asilikali akukweza katundu, aNangozo anabwera ndi dengu la mbatatesi pamutu. Mirriam anakana, nati sakuyenera kulandira kanthu kochokera m'dimba limene analiwononga yekha. Mayiwo analiika dengulo m'lole ndi manja awo.

"Mukakana ndiye kuti mukadali ndi ine chifukwa," anatero. "Tinkadikira kuti muchoke, n'zoona. Koma lero tikudandaula kuti mukupita. Pitani bwino. Mukakafika, musanamasule ndi mphika womwe, mukafunse amene akukhala kumunsi kwanu."

Mirriam anachitadi zimenezo. Kumalo atsopanowo, katundu akadali pabwalo, anazungulira nyumba yonse, anaona komwe madzi amalowera mvula ikagwa, n'kupita kukapereka moni kwa banja lokhala kumeneko. Madzulo ake a Sajeni anali atayamba kale kukumba dzenje la manyowa.

Anzathu amene ntchito imakusamutsani kawirikawiri, kaya ndinu asilikali, apolisi, aphunzitsi kapena anamwino, kumbukirani kuti inu mumachoka koma zinyalala zanu zimatsala ndi anthu. Sankhulani zinyalala, zowola zikhale manyowa, pulasitiki musatenthe, ndipo musataye kanthu m'njira ya madzi. Zomwe simukuzifuna patsani ena. Nanunso oyandikana nawo, mukaona cholakwika nenani mwaulemu, osaopa udindo wa munthu. Malo amene inu mukungodutsapo, ena ndi kwawo.