Aulis Asambitsa Kapitawo Wake

Fakitale yopanga mapepala itatsekedwa, Aulis Kemppainen anali atapitirira zaka makumi asanu, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Chiyambire unyamata wake, manja ake ankangodziwa makina. Anzake ena anasamukira kumwera, ena anagwera m'botolo. Iye anangokhala pakhomo, n'kumaonerera pawindo chipale chofewa chikugwa n'kuunjikana pamwamba pa galimoto.

Njala sinalowe m'nyumba mwawo. Thandizo la boma la anthu osowa ntchito linkabwera mwezi ndi mwezi, m'nyumba munkafunda, mankhwala a shuga a mkazi wake Sirkka ankapezeka. Koma Aulis ankadya ngati mlendo wosaitanidwa.

"Mwakhala mukudula msonkho moyo wanu wonse," Sirkka ankatero. "Lero manyazi ndi a chiyani? Idyani, musanditopetse."

Ku ofesi ya zantchito anakumana ndi mayi wina dzina lake Outi, wa maso otopa ngati ake omwe. Mayiyo sanazungulire.

"Ntchito ya mapepala sibweranso, bambo Kemppainen. Koma okalamba m'tauni muno achuluka, owasamalira akusowa. Sukulu ilipo yaulere, ndipo thandizo lanu silidulidwa pamene mukuphunzira."

"Ine ndikhale nesi? Ndi zimanja izi?"

"Zimanjazo zitha kunyamula munthu. Anga manjawa sangathe."

Anapita, osati chifukwa chofuna, koma kukhala m'nyumba kunali kutamukwana. M'kalasi anali wamkulu kuposa mphunzitsi. Anakhala benchi limodzi ndi mayi wina wochokera ku Somalia, Hodan, amene boma linkamuphunzitsa chilankhulo ndi ntchito nthawi imodzi. Awiriwa ankathandizana: Aulis ankamuwongolera mawu a Chifinishi, Hodan ankamuonetsa mmene angatembenuzire wodwala pabedi osadzithyola msana. Mutu wa Aulis unali utauma, zophunzira zinkalowa mokakamiza, ndipo kangapo konse anauza Sirkka kuti akusiya. Sanasiye.

Atamaliza, khonsolo inamulemba ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Malipiro ake anali ochepa kuyerekeza ndi a kufakitale, koma anali malipiro.

M'mawa wina wozizira anamutuma kunyumba ina yamatabwa kuseri kwa fakitale yakaleyo. Atatsegula chitseko analandiridwa ndi fungo la mkodzo ndi khofi wadzulo. Pampando wa matayala panali Veijo Hyttinen, kapitawo wake wakale, munthu amene mawu ake ankaposa phokoso la makina. Tsopano anali atafa ziwalo mbali yakumanja, pakamwa patapotoka.

Veijo anamuyang'anitsitsa.

"Kemppainen? Boma lasowa anthu mpaka kunditumizira iwe? Iwe unkagona kuseri kwa mabelo uja?"

"Ndine ndemwe. Kwezani dzanja ndikuvuleni malaya."

"Sindivula pamaso pako."

"Tinkalowa sauna imodzi, bafa la nthunzi lija, Lachisanu lililonse, bwana. Palibe chachilendo chimene mwasunga."

Veijo anatukwana, koma dzanja anakweza. Aulis anamukoleka mkono m'khwapa monga anaphunzirira, ndipo atamudzutsa anadabwa ndi kupepuka kwake. Munthu amene ankagwedeza fakitale yonse anali atatsala mafupa okhaokha. Anamukhazika pampando wa m'bafa, n'kuyesa madzi pamkono pake, n'kuyamba kumukhula kumsana. Pathako panali chilonda chongoyamba kumene. Anachitsuka mosamala, n'kupakapo mankhwala.

Mapewa a Veijo ankanjenjemera, ndipo Aulis anadziwa kuti sikuzizira. Anayang'ana kumbali, n'kumachita ngati akufuna sopo.

"Ana anga ali ku Sweden," Veijo anatero chamunsimunsi. "Pakanapanda anthu a khonsolowa, bwenzi atandipeza chipale chitasungunuka, nditauma kalekale."

"Weramani pang'ono."

"Usakauze anzako kuti wandiona chonchi."

"Anzanga ati? Onse anabalalika."

Anamupukuta, n'kumuveka, n'kumuphikira phala ndi khofi. Dzanja lamanzere la Veijo linkataya phalalo pachifuwa, koma Aulis atafuna kutenga sipuni, mkuluyo anamutuzulira maso, ndiye anamuleka adye yekha. Zinatenga nthawi, ndipo ena anali akudikira kwina.

"Khofi wakoyu ndi madzi enieni, ngati ntchito yako," anatero Veijo atamwa. Kenako anafunsa osamuyang'ana, "Mawa ubweranso?"

"Mawa abwera Hodan."

"Ameneyo ndiye ndaninso?"

"Amene anandiphunzitsa kukunyamulani osakugwetsani. Mukakamutukwana, mkuja ndidzakusambitsani ndi madzi ozizira."

Veijo anaseka chiseko chopotoka chimene chinathera m'chifuwa chokhosomola.

Panja Aulis anakhala m'galimoto ya khonsolo osailiza. Msana unkamuwawa kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Kutsogolo kwake chumuni cha fakitale chinali chilili, chosatulutsa utsi. Anapukuta galasi ndi mkono wa jekete n'kuliza galimoto, chifukwa kutsidya kwa mlatho kunali gogo wina wosaona amene sakanamwa mankhwala popanda womupatsa.

Madzulo atafika kwawo anadzigwetsa pampando asanavule nsapato. Sirkka anamufunsa mmene wayendera.

"Ndasambitsa Hyttinen."

"Hyttinen wake uti? Kapitawo uja?" Sirkka anaphulika kuseka, koma ataona nkhope ya mwamuna wake analeka. "Ali bwanji?"

"Watha. Kwangotsala pakamwa."

Sirkka anapita kukatenthetsa supu wa nsawawa. Pobwera nayo anapeza Aulis atagona chokhala, mutu utapendekera kukhoma, chipale cha kunsapato chikusungunukira pansi.