Zithunzi za Diso Lamanja

"Ndangofufuta zowonongeka zokha, alamu," anatero mng'ono wa malemu, akupukuta fumbi pakompyuta ndi mkono wa malaya.

Mayi wamasiye anaima pakhomo la kachipinda komwe amuna ake ankagwirira ntchito. Panali patangotha masiku anayi chiwaikireni m'manda, a kuntchito n'kutumiza kale uthenga woti kompyuta yawo ibwezedwe. Mlamuyo anadzipereka kusamutsa zithunzi za banja. Munthuyu phuma anabadwa nalo, ndipo kufunsa ankakuyesa kupusa.

"Zowonongeka ziti?"

"Zotuwa zija. Chithunzi chilichonse chinali ndi chinzake cha utsi wokhawokha. Zimangodya malo."

Mayiyo ankazidziwa bwino zotuwazo. Malemu ankakonza zithunzi zoonera pamagalasi apadera, zija munthu amaoneka ngati ungamukhudze. Luso lawo linali lozichepetsa kuti zisadzaze makina. Chithunzi cha diso lamanzere ankachisunga chathunthu, koma cha diso lamanja ankangosungako pomwe chasiyana ndi chinzakecho, n'chifukwa chake chinkaoneka chotuwa. Popanda chotuwacho, munthu sakanatulukanso m'chithunzi.

"Zibwezeni."

"Sizingatheke. Ndafufutiratu, paja a kuntchito anati asapezemo zathu." Anadzikanda kumutu. "Komatu nkhope zonse zilipo. Chasowa n'chiyani?"

Mayiyo anakhala pampando wa amuna ake, nakokera kompyutayo pafupi. Pa zonsezo ankafunapo chimodzi. Malemu ankangojambula anzawo, ndipo kanema mmodzi yekha ndiye anali ndi iwo, atakhala pampando womwewu, akutambasula dzanja. Usiku ndi usana wa maliro, chomwe chinamulimbitsa chinali choti dzanjalo adzalionanso likubwera kwa iye.

Anavala magalasi, natsegula kanemayo. Amuna ake anamwetulira, natambasula dzanja. Dzanjalo silinatuluke. Anangokhala phwatalala ngati munthu wa pakalendala. Mayiyo anamuda mlamu wakeyo ndi mtima wonse, ndipo sanachite nazo manyazi.

Mlamuyo anasuzumira, mawu atatsika tsopano.

"Koma achimwene ankaziona bwanji zimenezi? Paja diso lawo lamanja linafa tili ana."

"Sankaziona."

"Ndiye ntchito ankaigwira bwanji?"

"Ankawerengera, kenako n'kundiitana. Zaka makumi awiri, ndikhale ndikuchapa, ndikhale ndikudwala. 'Amayi, tavalani magalasi, mundiuze ngati zatuluka.' Ndikati zatuluka, ankasangalala ngati aziona okha."

Mlamuyo anakhala pansi.

Mayiyo anabwezera kanemayo poyambira. Anaphimba diso lamanja ndi chikhato, napitiriza kuonera.