Chithunzi cha Mzime

Seva inkalira pansi pa tebulo, pii, pii, pii, ngati kamwanapiye kosochera, ndipo mlongo wake wa Injiniya anali ataima kumbuyo kwa mpando, akumupumira m'khosi.

"Fufuta zakalezo basi," anatero. "Mawa kukubwera ana a sukulu mazana atatu. Zithunzi zawo ndikaziika pati? M'thumba?"

"Achimwene, tasunthani pang'ono. Ndikumva kutentha," anatero Injiniya.

Iye anali mwana wachiwiri, wamkazi yekha m'banjamo. Bambo ake ankamutcha Injiniya kuyambira tsiku limene anamasula wailesi ali wamng'ono n'kulephera kuibwezera. Dzinalo linamukanirira, ndipo anakuladi n'kulembedwa ntchito yosamalira makompyuta pa kampani ina. Lero linali tsiku lachisanu chiikireni bambowo m'manda. Anagwa ali chiimire m'situdiyo yawo yojambula zithunzi, kamera ili m'manja, ndipo sanadzukenso. Situdiyo tsopano inagwera mlongo wakeyo, munthu wodziwa kujambula nkhope koma woopa kachipinda kakumbuyo kano ngati muli njoka.

Kachipindako kanali kopanikiza, konunkha fumbi ndi mawaya otentha. Seva, chibokosi chakuda chosungira makope a zithunzi zonse, anaikhazika pa njerwa ziwiri kuti madzi okolopera asaifike. Mwezi uliwonse unali ndi bakapu yake, makope osungidwa mu foda imodzi, ndipo mafodawo anali atandandalika zaka khumi ndi zinayi. Makinawo anali ndi njira yofufutira okha zakale, koma bambo anaitseka tsiku lomwe anawagula. Ankafufuta ndi manja awo, ndipo asanafufute ankatsegula buku lawo lakuda n'kuimbira foni kasitomala aliyense wa mwezi umenewo. "Zithunzi zanu zija, mukuzifunabe?" Wina akati inde, zinkakhala. Wina akapanda kuyankha, zinkakhalanso. "Safunsa anadya phula," ankatero. Ndiye seva inkangokhala yodzaza mpaka pakamwa chaka chonse, ndipo disiki yatsopano inkagulidwa mwezi wamawa, mwezi umene sunafike.

Injiniya anavundukula bukulo. Malembo a bambo ake anali aang'ono, opendekera kumanja. "Sanayankhe." "Anasamuka, ndifufuze." "Mayi ake akuti adzabwera akapeza mphamvu."

"Waona?" anatero mlongo wake. "Bambo ankalera zithunzi za anthu oti eni ake anaziiwala kalekale. Ife amoyo tidya chiyani?"

"Ndifufuta. Koma ndiyambe ndapeza zimene andituma amayi."

M'mawa uja, akutuluka pakhomo, amayi ake anamugwira pamkono ndi dzanja lozizira. "Undibweretsere cha Mzime," anati. "Chija wavala malaya a sukulu. Ndikufuna ndiwapachike pamodzi ndi bambo ake." Mzime anali mng'ono wawo womaliza, amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu atadwala masiku atatu okha. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi. Zithunzi zake zapapepala zinali mu alubamu m'sutikesi ya pansi pa bedi, ndipo zaka ziwiri zapitazo paipi inaphulika nyumba ilibe munthu. Anapeza masamba atamatirirana, nkhope zitasungunuka. Bambo anati, "Musalire, zonse zili mu seva. Ndidzatsukanso." Wojambula anthu onse a m'tauni analibe nthawi yotsuka zithunzi zapakhomo pake, ndipo amayi anatopa n'kukumbutsa.

Foda ya banja ankaidziwa bwino. Inalembedwa kuti ZATHU, ndipo inkakhala pamwamba pa zonse. Anayang'ana pamwamba. Anatsika mpaka pansi, n'kukweranso. Analemba dzinalo kuti makina afufuze, makinawo n'kubweza sikirini yopanda kanthu. Anayesa ndi deti, anayesa ndi malembo aang'ono.

"Bwanji?" anafunsa mlongo wake.

Injiniya anakokera mpando pafupi ndi sikirini. Seva imalemba yokha mndandanda wa chilichonse chochitika m'kati mwake, ndipo anatsegula mndandandawo n'kubwerera m'mbuyo, sabata ndi sabata. Anaupeza mzerewo miyezi itatu yapitayo, Lachiwiri, nthawi ya m'mawa. Foda ya ZATHU inafufutidwa. Makina anafunsa kawiri ngati wofufutayo akutsimikiza, ndipo kawiri konseko anavomera. Wofufutayo anali bambo.

"N'zosatheka," anatero mlongo wake atawerenga. "Mwina ndi vayirasi."

"Vayirasi savomera kawiri, achimwene."

Anafunafuna deti lomwelo m'buku lakuda. Tsamba lake linali lolembedwa bwino, lopanda chofufuta. "Seva yadzaza. Ndaimbira anthu khumi ndi anayi, palibe wavomera. Zathu ndakopera pa disiki yofiira, ndachotsa mu seva." Mtima wake unabwerera m'malo kwa kamphindi, mpaka maso atatsikira mzere wotsatira, wa Lachinayi. "Disiki yofiira sikutseguka." Pansi pake panali mawu amodzi okha, obwerezedwa sabata iliyonse ndi deti lake. "Ndayesanso." "Ndayesanso." Anawerenga mizere khumi ndi iwiri. Womaliza unalembedwa kutatsala masiku anayi kuti bambo agwe.

Disikiyo anaipeza m'dirowa, itakulungidwa m'kampango koyera ka m'thumba. Asanailumikize n'komwe, anaona kuti mitu ya masikuruu ake ndi yokalikakalika. Anatseka maso. Kenako anatenga sikuludiraiva yomwe inali pambali pake n'kutsegula chivindikiro. Pa kambale konyezimira ka m'kati, kamene sikafuna ngakhale kafumbi kamodzi, panali mkwasa wozungulira ndi chidindo cha chala chachikulu. Bambo anaitsegula m'kachipinda kafumbi kano, ndi manja awo, kuti aikonze.

"Akatswiri sangathe?" Mawu a mlongo wake anali atatsika tsopano.

"Katswiri ndi ine. Palibe chotsala apa."

"Nanga mu sevamo? Amati chofufutidwa chimabwezeka."

"Chikafufutidwa dzulo. Apa padutsa maukwati a miyezi itatu pamwamba pake."

Mkwiyo unamugwira. Lamulo loyamba la ntchitoyi anamuphunzitsa ndi bambo omwewo: usachotse chinthu usanatsegule kope lake n'kuliona ndi maso. Nanga iwo anatani? Ndipo kafulashi kamodzi, kadisiki ka m'thumba, kakanakwana zithunzi khumi za mwanayo. Anafuna kuwakalipira, kuwagwedeza mapewa, koma pampando panali jekete lawo lokha. Kenako anakumbukira foni. Sabata imeneyo bambo anamuimbira masana. "Injiniya, uli ndi kanthawi?" Iye anati ali pamsonkhano, awaimbira. Anadziwa kuti ndi za seva, ndipo anali atatopa n'kukangana nawo za buku lakudalo, limene ankaliseka kuti ndi kaundula wa anthu osowa. Sanawaimbire. Bambo nawo, munthu wosapempha kawiri, sanabwerezenso. Mkwiyo uja unaphwa n'kusiya manyazi okhaokha.

Mlongo wake anakhala pa katoni ya mapepala, manja ali lende. Seva inkalirabe.

"Usawauze amayi," anatero patapita nthawi. "Unene kuti makina akuvuta, tikukonza."

"Mpaka liti?"

"Mpaka apezeko mphamvu. Angoika kumene mwamuna wawo, iwe ukufuna akaikenso mwana?"

"Bambo awabisira miyezi itatu. Ife tilandire ntchito imeneyinso?"

"Iwe Lamlungu ukwera basi kubwerera kuntchito kwako. Wotsala nawo ndi ine."

Zinali zoona, ndipo zinamulasa. Koma anadziwanso amayi ake. Akanafunsa mawa, akanafunsa mkuja, akanagula fulemu n'kuipukuta tsiku lililonse.

"Ndikawauza," anati.

Mlongo wake anapukusa mutu, n'kuyang'ana seva. "Nanga za mawa zija?"

Injiniya sanamudzudzule. Ana mazana atatu anali akubwerabe, maliro kapena ayi. Anasankha miyezi isanu ndi umodzi ya chaka choyambirira, ya anthu amene bambo anawaimbira zaka zambiri osayankha. Anafufuta foda imodziimodzi. Makina ankafunsa kawiri, iye n'kuvomera kawiri, ndipo sanatsegule foda iliyonse kuopa kuona nkhope. Pa yachisanu ndi chimodzi seva inaleka kulira. Panatsala phokoso la fani lokha.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Alendo ambiri anali atabalalika, ndipo mipando yobwereka inali itasanjikizidwa pakhonde. Amayi anali pabalaza, akupinda malaya a bambo n'kumawaika m'katoni. Sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana manja ake.

"Palibe magetsi?" anafunsa.

"Alipo, amayi."

"Ndiye mapepala atha."

Anagwada pafupi ndi mpando wawo. M'njira anali atakonza mawu ofewa, koma onse anathawa. Anawauza mmene zinalili, za seva yodzaza, za anthu khumi ndi anayi, za disiki yofiira. Za foni yake ananenanso, chifukwa akanabisa zimenezo sakanagona. Amayi anamvetsera, malaya ali pamiyendo, akusalaza kolala ndi chala.

"Palibe ngakhale chimodzi?"

"Ndifunsa kwa achibale. Mwina wina ali nacho."

"Ndinafunsa kale paipi itaphulika. Ndani akanajambula mwana wa wojambula?" Anapinda dzanja la malaya, n'kulipindulanso. "Wati anaimbira anthu angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Khumi ndi anayi." Mawu awo sanakwere, koma anauma. "Anthu oti sakuwadziwa ndi kwawo komwe. Moni, pepani, mukuzifunabe? Ine wogona nawo nyumba imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ine amene ndinam'bereka mwanayo, sanandifunse."

"Ankaganiza kuti akopera, amayi. Sanafune kutaya."

"Usawaikire kumbuyo! Anayenera kusankha za munthu mmodzi zoti achotse, ndiye anasankha zanga."

Anaponya malayawo m'katoni. Injiniya anali asanawaonepo akuponya chovala. Masiku asanu onsewa amayi analira mofatsa, monga mayi wamasiye amene anthu amamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Tsopano anali atapsa mtima, ndipo woti amukwiyire anali pansi pa nthaka. Injiniya anawamvera chisoni kuposa tsiku la maliro.

Panja wina anabwera kudzatenga mipando, anaodira kawiri, n'kuyamba kunyamula yekha.

"Wati linali tsiku liti limene disiki ija inakana kutseguka?" anafunsa amayi.

"Lachinayi. Miyezi itatu yapitayo."

Amayi anayang'ana kukhomo la kuseri, kumene kunali chingwe choyanikira zovala. Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono.

"Anabwera masana," anati. "Situdiyo atatseka, chinthu chimene sanachitepo. Ine ndinkachapa. Anatembenuza chidebe n'kukhalapo, n'kumangondiyang'ana. Kenako akuti, mayi a ana, tsitsi la Mzime linkayambira pati pachipumi apa? Ndinawauza. Akuti nanga kachipsera ka pachibwano, kanali kopingasa kapena kotsika? Nanga dzino limene linaguluka? Anayambira kumutu mpaka kukhosi, atatsinzina, ine ndikamayankha iwo akugwedeza milomo ngati mwana woloweza. Ndinkati ukalamba wayamba."

Anaima kaye, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu.

"Pomaliza akuti, khutu lija lopindika pamwamba linali lakumanja kapena lakumanzere? Ine sopo ali m'maso, msana ukuwawa. Ndinati, mukundichedwetsa inu, pitani mukaone m'makina anu."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati, ndikaona." Amayi anawerama n'kutulutsa malaya aja m'katoni. "Koma sanapite. Anaimirira n'kuyamba kundilandira zovala, kumayanika. Munthu woti chingwe sanachigwirepo chikwatirane. Anayanika zonse mpaka beseni kutha, osanena kanthu."

Anayala malayawo pamaondo, n'kuwapinda bwinobwino, manja m'kati, kolala pamwamba. Kenako anakweza dzanja n'kugwira khutu lawo.

"Linali lakumanzere," anati.

Injiniya anatsegula pakamwa. Iye ankakumbukira lakumanja. Anayesa kuibweretsa nkhopeyo, mwana ali m'malaya a sukulu, koma sanadziwe ngati akumuona ali kutsogolo kwake kapena pambali. Amayi ankamuyang'ana, dzanja likadali pakhutu, akudikira.

"Lakumanzere, amayi," anatero.