Waya wa M'bokosi la Nsato

Ammisiri anaima pakhomo la chipinda cha mwana wawo wamkazi, tiyi akuzizira m'kapu. Pagalasi la bokosi la nsato panali timizere tofiirira. Dzulo lake tinali tiwiri tokha, koma m'mawa umenewu tinali titadzaza ngodya yonse.

"Mayi, tabwerani mudzaone."

Akazi awo anafika ndi tsache m'manja, n'kuima chapatali monga mwa masiku onse. Iwo nyamayi sankaitchula dzina, ankangoti chingwe chija.

"Amenewo ndi magazi," anatero.

Nsatoyo inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo. Anaisunga zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira ili ngati lamba wa thalauza. Bambo ndi mwana anakhala zaka ziwiri akungopatsana moni wouma chifukwa cha njoka yomweyi, Ammisiri atanena pamaso pa alendo kuti mtsikana woweta njoka palibe adzamufunsire. Ndiye pamene mwanayo ananyamuka kupita ku maphunziro a masabata atatu n'kuwasiyira kiyi wa chipinda chake, mtima wawo unasungunuka ndithu. Anangowapempha kuti azisintha madzi basi, poti chakudya inali itadya kale.

Koma mmisiri ndi mmisiri. Munthu amene wapala matabwa zaka makumi anayi sangaone bokosi n'kulisiya osalipezera chifukwa. Chivindikiro chinkagwidwa ndi tizitsulo tiwiri topepera, ndipo mayi sankagona poganiza kuti tsiku lina adzachipeza chingwecho m'nsapato. Tsiku lachitatu Ammisiri anadikira nsatoyo italowa m'kamphanga kake, anatseka pakhomo pake ndi thabwa, n'kukhomera waya wa sefa mkati monse mwa felemu, kumwamba ndi m'mbali. Pansi panali mapepala wamba. Anawachotsa, n'kuthirapo zopala za matabwa a paini zonunkhira bwino zochokera kushedi kwawo. Anagona tsiku limenelo akudziyamikira.

Tsopano njoka ija inali gone motsamira galasi, mphuno yake yonyuka ngati bondo la munthu wogwa panjinga.

"Thiranipo sipiriti," anatero mayi. "Mukadzicheka inu simuthira yemweyo?"

Ammisiri anamangirira thonje kunsonga kwa ndodo, nanyika m'botolo. Thonje litangokhudza balalo, nsato inadziponya, mutu wake n'kumenya waya uja kawiri. Kenako inangoti zii, kukamwa kuli kotsekula pang'ono. Mantha amene anawagwira sanali oopa kulumidwa ayi.

Dokotala wa ziweto anafika masana, mayi wamfupi wosachedwa ndi malonje. Anasamba m'manja, anatsekula bokosi, n'kuitulutsa njokayo ngati akunyamula mwana wodwala. Ataitembenuza, Ammisiri anayang'ana kumbali. Chammbali mwake munali bala lalitali ngati chala, zopala za matabwa zitamatirira m'mafinya.

"Waya uyu anaika ndani?"

"Ndine. Ndimati isatuluke."

"Zopalazinso ndinu?"

"Ndi zoyera zimenezo, ndinapala ndekha."

"Zoyera kwa inu, bambo. Fungo la painiyu limaiwotcha m'mphuno. Imafuna kuthawa fungolo, ndiye usana ndi usiku imakankha mutu pa waya wanuyu." Anayendetsa chala m'mphepete mwa felemu, n'kuwaonetsa nsonga za waya zosongoka ngati singano. "Njoka silira. Mukamaona magazi pagalasi, dziwani kuti yavutika masiku ambiri."

"Safunsa anadya phula," anang'ung'udza mayi pakhomo paja, ngati kuti si iwo amene ankawagwirira misomali tsiku lija.

Dokotala anatsuka mabalawo ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, anatola zopala chimodzichimodzi, anapaka mankhwala, n'kubaya jakisoni. Kenako anaika khutu pafupi ndi mutu wa njokayo. M'chipindamo munali bata moti Ammisiri nawonso anamva kakhweru kakang'ono kotuluka pamodzi ndi mpweya.

"Ichira?"

"Sindikulonjezani. Bala la m'mbalili likhoza kupola ikafundula kawiri kapena katatu. Chikundidetsa nkhawa ndi mphunoyi. Mafinya akalowa m'fupa la chibwano, basi." Anatseka chikwama chake. "Waya yense achoke lero. Pansi muyale mapepala oyera, muzisintha tsiku lililonse. Kutsuka kawiri patsiku, ndipo sipiriti asayandikirenso. Wina azigwira mutu ndi manja, osati ndi ndodo. Mwiniwake mwamuuza?"

Ammisiri anatuluka kukatenga beseni loikamo njokayo.

Dokotala atapita, njoka ili m'beseni lalikulu lovindikira la mabowo, Ammisiri anatenga hamala n'kuyamba kuzula misomali yawo yomwe. Unkalira uliwonse potuluka. Anasesa zopala zonse, anatsuka galasi mpaka timizere tija titatha. Pafelemu panatsala timabowo tondondozana mzere wonse.

Mayi anabwera ndi kachitini ka phala lomatira matabwa, n'kukaika pambali pawo.

"Matani timabowoto. Dzanja lanu ndimalidziwa, ngakhale mwiniwake sadzaona. Akabwera tidzati chadzipweteka chokha. Zinyama zimadzipweteka."

"Nanga dokotala uja?"

"Dokotala sakhala m'nyumba muno. Mwanayu wangoyamba kumene kukusekererani. Mukufuna tibwererenso ku zaka zija, zodya patebulo limodzi ngati anthu a m'basi?"

Ammisiri anatsekula kachitiniko. Zinali zoona, ntchitoyo inali ya mphindi khumi. Anatapa phalalo ndi nsonga ya mpeni, anamata bowo loyamba, n'kusalaza ndi chala. Linasowa ngati silinakhalepo. Anamata lachiwiri. M'beseni muja kakhweru kaja kanamvekanso, kotalikirapo kuposa poyamba.

Nthawi yotsuka inali itayandikira, ndipo iwo sankadziwa n'komwe kuti mutu wa nsato amaugwira pati. Kuugwira molimba akanaipweteka, kuugwira mofooka ikanadzimenyanso. Munthu amene njokayo inazolowera manja ake anali mmodzi yekha. Anaika mpeni pansi n'kutulutsa foni m'thumba.

"Mukudzipalira nokha makala pamutu," anatero mayi.

Mwanayo anayankha mosangalala. "Ababa, mwandikumbuka lero?"

Anamuuza zonse, za waya, za zopala, za sipiriti, osasiyako ngakhale chimodzi. 

"Ikutulutsa lilime?" Mawu a mwanayo anali ouma, ngati akufunsa munthu wa pamsewu.

Anasuzumira m'beseni. "Ayi."

"Dokotala wati chiyani za mphuno?"

"Wati salonjeza."

"Ndikwera basi ya mawa. Maphunzirowa ndiwasiya."

"Mwanangu, usasiye chifukwa cha..."

"Ikani foniyo patebulo kuti ndizimveka. Musambe m'manja ndi sopo. Mukatha mundiuze."

Anasamba mpaka m'zigongono. Mayi anagwira mbale ya madzi a mchere.

"Dzanja lamanja kuseri kwa mutu, chala chachikulu pambali pa chibwano. Musafinye. Lamanzere linyamule thupi. Ikalimbana nanu ndiye bwino, ndiye kuti mphamvu ikadali nazo."

Ammisiri anapuma kwambiri, n'kulowetsa manja m'beseni. Thupi lake linali lozizira, lolemera kuposa mmene ankaganizira. Anadikira kuti iwakulunge padzanja, mwinanso iwalume, ndipo koyamba m'moyo wawo anafunitsitsa kuti njoka itero.

"Ikulimbana?" anafunsa mwanayo.

Mutu wa nsato unangogona m'dzanja mwawo.